Mutu 6: Chizindikiro cha Pammero pa a Klatchi

1. Kandimverere

Dzina lakuti Naphuma sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi bambo ake tsiku lina atamuona akuthamangira kusukulu ndi nsapato za mitundu iwiri, buledi ali kukamwa. Dzinalo linamukakamira mpaka ku sekondale, ndipo kunena zoona linamuyenera. Mtsikanayu mutu anali nawo, makamaka pa sayansi, koma nkhani ankaimva theka, theka linalo n'kumalizitsa yekha.

Bambo akenso anali ndi dzina la kuntchito. Ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo tsiku lonse ankakhalira kukuwa kuti, "Klatchi! Ponda klatchi!" Basi aliyense ankangowatchula kuti a Klatchi.

Koma mawu amene ankagwedeza magalasi a galimoto aja anali atayamba kusasa. Kumeza kunkawapweteka, ndipo m'mbali mwa khosi munatuluka kachotupa kolimba. Pophunzitsa anasiya kukuwa. Akafuna kuti wophunzira aime, ankangomenya kawiri ndi chikhatho patsogolo pa galimoto, pha! pha! Aliyense wowadziwa anazolowera kuti kumenya kawiri ndiye kuti ima pomwepo.

Kuchipatala anawadula kanyama ka pammero n'kukatumiza ku labotale. Tsiku lokamva zotsatira, mayi a Naphuma anali ndi mulu wa mayunifolomu oti asoke sukulu zisanatsegulidwe.

"Iwe ndiye umamva za sayansi," anatero mayi ake, phazi lili pa makina osokera. "Pita ndi bambo ako ukandimverere. Ukamve zonse, osati mutu wa nkhani wokha."

"Amayi, m'kalasi mwathu mulibe wondiposa. Inu sokani basi."

Adokotala anali mayi wachikulire wa imvi ndi magalasi a m'maso. Sanazungulire.

"Bambo, sindikubisirani. Ndi khansa ya pammero. Koma khansa za pammero sizifanana zonse, ngakhale ndi maso zimaoneka chimodzimodzi. N'chifukwa chake kanyama kaja timakapaka mankhwala n'kukayang'ana pa makina okulitsa zinthu, kufunafuna zizindikiro. Inu ndinu munthu wa pamsewu, ntchito ya chikwangwani mukuidziwa. Chimakuuzani za kutsogolo musanafikeko. Mwa inu tapeza chizindikiro chotchedwa p16. Khansa yokhala ndi chizindikiro chimenechi kawirikawiri imamva chithandizo kuposa inzake, makamaka kwa munthu wosasuta fodya ngati inu. Ambiri amachira."

"Ndiye kuti msewu ndi wosalala?" ananong'ona a Klatchi.

"Msewu ndi wabwino, koma chikwangwani sichiyendetsa galimoto. Chizindikirochi si lonjezo. Muzibwera tsiku lililonse la ntchito kwa masabata angapo, tiziwotcha khansayo ndi makina a cheza. Mukamajomba, khansa imapeza mpata wophukanso. Mukasiya kudya n'kuwonda, chithandizo chimasokonekera. China n'chakuti chizindikirochi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kachirombo kotchedwa HPV. Nkhani ya kachirombo kameneka ndi yofuna kukhala pansi. Mudzabwere ndi akazi anu, ndidzakufotokozereni nonse pamodzi. Pali funso?"

A Klatchi anayang'ana mwana wawo. Iwo mutu unali utaima pa liwu lakuti khansa, zina zonse zinangodutsa.

"Palibe funso, adokotala," anayankha Naphuma. "Tamva zonse."

Atafika kunyumba anakuwa ali pakhomo pomwe. "Amayi, akuti ndi khansa koma ya mtundu womva chithandizo! Achira!" Zakuti mayi ake akuitanidwa kuchipatala anaziiwala pa geti. Akuluakulu sananame, kandimverere anakanena za m'maluwa.

2. Chigoba

Chithandizo chisanayambe, a Klatchi anawaumbira chigoba. Anatenga pulasitiki ya timabowo, n'kuifewetsa m'madzi otentha, n'kuiyala pa nkhope ndi pa mapewa mpaka itauma. Pa nthawi yowotcha ankawagoneka chagada, n'kumangirira chigobacho ku bedi kuti mutu usasunthe ngakhale pang'ono.

Namwino wamkulu wa kumeneko, amene onse ankangomutcha a Sisitala, ankawaimika pa sikelo sabata iliyonse.

"Mverani bambo," anatero tsiku loyamba. "Chigoba ichi tachiumba pa nkhope yanu ya lero. Mukawonda chikhwefuka. Chikakhwefuka mutu uzisuntha, cheza chiziwotcha pamene palibe matenda n'kusiya pamene pali matenda. Pammero pazipsa, kudya kuzikhala nkhondo, koma muzidya. Kuno sitinyengerera munthu wokana chakudya."

Asanalowe m'chipinda cha makina, a Klatchi ankavula chipewa n'kutulutsa makiyi a galimoto yophunzitsira m'thumba, n'kupatsa Naphuma. Makiyi amenewo sankagwiritsa munthu aliyense, ngakhale mnzawo wa kuntchito. Naphuma ankawagwira monyadira, n'kumawaliza pa benchi kuti anthu aone.

Pofika pakati pa chithandizo, mawu a a Sisitala anapherezera. Khungu la pakhosi linada, m'kamwa munatuluka zilonda, ndipo ngakhale madzi ankawabaya. Mbale ankaikankha. Amene ankawatha ndi akazi awo okha.

Mayi a Naphuma ankalawirira kuphika msuzi wa mafupa wopanda mchere, n'kuusefa kawiri pa kansalu koyera. Ankamenya mazira mu mkaka, n'kudikira kuti zizizire mpaka zifanane ndi kutentha kwa dzanja. Kenako ankakhala m'mphepete mwa bedi ndi kasupuni ka tiyi.

"Iyi ndi ya ine. Mezani. Iyi ndi ya mwana wanu. Iyi ndi ya ophunzira anu amene akugunda mipanda ya anthu chifukwa inu kulibe."

A Klatchi ankaseka ndi maso, n'kumeza, misozi ikulengeza. Akatha kuwadyetsa, mayiwo ankabwerera pa makina n'kusoka mpaka mapazi kutupa. Naphuma ankaziona zonsezi, ndipo zinkamupweteka.

Loweruka lina kunabwera mayi wina wotchena, wonunkhira mafuta okwera mtengo, atanyamula jumbo ya malalanje. Anati ndi wophunzira wa a Klatchi. "Aphunzitsi anga okondedwa, muchire msanga. Popanda inu ine laisensi sindiiona." Atachoka, mayi a Naphuma anaseka. "Malalanje kwa munthu wa zilonda m'kamwa! Ameneyu ndi amene amaponda buleki m'malo mwa klatchi." Naphuma sanaseke. Fungo la mafuta aja linamutsalira m'mphuno.

3. Mizere iwiri

Lolemba lake, ali pa benchi kudikira bambo ake, Naphuma anatopa ndi kungokhala. Anakumbukira zilembo zitatu zimene adokotala anatchula, n'kuzilemba pa foni.

Anawerenga mzere woyamba. Anawerenga wachiwiri, umene unkanena kuti kachirombo ka HPV kamapatsirana pogonana. Pansi pake panali mizere yambirimbiri, koma Naphuma sanatsitse chala. Anazimitsa foni.

Anaona mapazi otupa a mayi ake. Anaona jumbo ya malalanje. Anakumbukira azimayi onse amene bambo ake ankakhala nawo awiriwiri m'galimoto tsiku lonse. M'mutu mwake mlandu unazengedwa, mboni zinalankhula, chigamulo n'kuperekedwa, foni isanazizire m'manja.

A Sisitala anadutsa ndi mulu wa matawulo, n'kuima.

"Iwe, nkhope yatani lero? Pali chimene chakuvuta? Adokotala ali m'chipinda umo, alibe munthu."

Chitseko cha adokotala chinali chotsegula, pafupi kwambiri moti Naphuma ankaona ngodya ya tebulo lawo. Akanangoimirira, nkhani ino ikanathera pomwepa.

"Palibe chovuta," anayankha mokhadzula.

Bambo ake atatuluka, nkhope ili ndi timizere ta chigoba, anatambasula dzanja kuti alandire makiyi. Naphuma anawaponya pa benchi n'kutsogola. M'minibasi yobwerera kunyumba anakhala nkhope ili kuwindo ulendo wonse.

4. Msuzi watayika

Anapeza mayi ake m'khitchini akusefa msuzi wa masana.

"Amayi, siyani zimenezo. Mukudzizunza ndi munthu wosayamika."

"Ukunena ndani? Sambitsa pakamwa pako."

"Ndikunena abambo! Mukudziwa kumene khansa yawo yachokera? Chizindikiro chimene anapeza chija n'cha kachirombo kopatsirana pogonana. Ndawerenga ndekha. Adokotala anangozembazemba tsiku lija, koma ine sangandipusitse."

Kansalu kosefera kanawapulumuka mayi ake, msuzi n'kutayikira pansi.

"Ukunena zoona, mwana iwe?"

"Inu simunati ine ndiye ndimamva za sayansi? Mukuganiza kuti malalanje aja anabwera okha?"

Mayi ake analowa kuchipinda chochezera, kumene a Klatchi anali atatsamira pa mpando, maso atatseka.

"Dzukani! Dzukani mundiyang'ane! Zaka zonsezi ndikuponda makina, msana wanga uwu wapindika chifukwa cha nyumba ino. Ndikukuseferani msuzi ngati khanda, ndikukupukutani malovu, kodi ndikupukuta zimene munakatola kumsewu? Mumati mukuphunzitsa galimoto! Mumaphunzitsa chiyani? Nanga ine mwandipatsa chiyani m'thupi muno? Yankhani!"

A Klatchi anatsegula pakamwa. Munangotuluka mpweya ndi kamawu kosamveka. Anayesanso, n'kugwira pakhosi chifukwa cha ululu. Atasowa chochita anamenya tebulo kawiri, pha! pha!

"Musandimenyere tebulo ine! Sindine wophunzira wanu! Lero sindiima!"

Ndipo sanaimedi. Analongedza zovala m'chikwama, anakulunga mayunifolomu m'nsalu, n'kuuza Naphuma kuti akupita kwa akulu awo. "Iwe tsala uziwaperekeza kuchipatala. Ine ndikakhala muno ndichita zimene ndingadzanong'oneze nazo bondo." Chitseko chinamenyedwa mpaka chithunzi cha pakhoma chinapendekeka.

Patapita nthawi a Klatchi anakodola mwana wawo. Anasonkhanitsa mphamvu zonse kuti atulutse mawu awiri.

"Wanena... ndani?"

"Ndine," anatero Naphuma, chibwano chili m'mwamba. "Ndawerenga ndekha. Mumaganiza kuti sizidzadziwika?"

A Klatchi anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanamenye tebulo. Anadzuka pang'onopang'ono n'kukadzitsekera kuchipinda.

5. Foni ikulira

Naphuma ankaganiza kuti kuphika msuzi ndi nkhani ya masewera. Anathira mchere ngati akuphikira munthu wabwinobwino, sanasefe, n'kukaupereka ukadali wotentha. Bambo ake analawa kamodzi n'kudumpha ngati alumidwa ndi mavu. Mawa lake mbale inabwerera yodzaza. Mkuja wake chimodzimodzi.

"Ngati simukufuna, zanu zimenezo," anatero Naphuma akutola mbale. "Ine si amayi kuti ndizikunyengererani."

M'mawa wina anavala, n'kugogoda kuchipinda kuti azipita kuchipatala. A Klatchi anatembenukira kukhoma. Munthu woyenera kuwakakamiza anali Naphuma. Koma iye anavula nsapato n'kukakhala pa mpando ndi foni yake, akudziuza kuti munthu amakolola zimene anafesa.

Masiku anadutsa. Foni ya a Klatchi inkalira pa tebulo, iwo osaiyankha. Lamba wa thalauza anafika pa bowo lomaliza. Popita kubafa ankagwira khoma. Tsiku lina masana Naphuma anamva chinthu chikugwa, ndipo anawapeza atakhala pansi m'khonde, milomo itauma gwa. Pamenepo mantha anayamba kulowa pamene panali mkwiyo, koma mkwiyowo unali usanatuluke.

Foni inaliranso. Ulendo uno anaiyankha ndi iye.

"Kodi kumeneko anthu munafa?" Anali a Sisitala. "Makina akudikira munthu tsiku ndi tsiku, ena akulirira malo omwewo! Bwerani nawo lero lomwe. Ngati sakuyenda, anyamuleni!"

6. Chakhwefuka

A Sisitala atawaimika pa sikelo, anayang'ana manambala, n'kuyang'ana Naphuma. Anawagoneka pa bedi la makina n'kuwaveka chigoba. Kenako analowetsa zala ziwiri pakati pa chigoba ndi tsaya. Zalazo zinalowa popanda vuto.

"Chakhwefuka," anatero. "Lero sitiwotcha. Ndinanena chiyani ine? Mayi aja amene amawadyetsa bwino ali kuti?"

"Anachoka," anayankha Naphuma mokweza, anthu a pa benchi n'kutembenuka. "Anachoka chifukwa cha zimene inu a chipatala munatibisira! Mumati chizindikiro chabwino, chabwino, osanena kuti ndi matenda a chiwerewere!"

A Sisitala anamugwira pamkono n'kumukokera m'chipinda cha adokotala. A Klatchi anawatengera kukawaika diripi. Adokotala atamva zonse, anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo mwamphamvu.

"Khala pansi, mwana iwe. Tsiku lija ndinafunsa kuti pali funso. Anayankha ndani?"

"Ndine."

"Ndinati abwere ndi akazi awo. Uthengawo unakafikitsa?"

"Ndinaiwala."

"Ndiye tamvera, ndipo lero umve mpaka kumapeto. Zimene unawerengazo si bodza. Kachiromboka kamapatsiranadi pogonana. Koma ukanatsitsa chala pang'ono, ukanaonanso kuti anthu akuluakulu ambiri amakatenga nthawi ina pa moyo wawo, osadziwa n'komwe. Mwa ambiri thupi limakachotsa lokha. Mwa ochepa kamabisala zaka zambirimbiri, nthawi zina zoposa zaka zako iwe, kenako n'kudzayambitsa khansa. Palibe makina amene angandiuze kuti bambo ako anakatenga liti, kapena kwa ndani. Mwina anali asanakumane n'komwe ndi mayi ako. Ine ndagwira ntchito imeneyi mpaka imvi izi, koma sindingayerekeze kuweruza khalidwe la munthu ndi kanyama ka pa galasi. Iwe waweruza bambo ako okubereka ndi mizere iwiri ya pa foni."

"Koma ine ndimaganiza kuti..."

"Sindinamalize! Chizindikiro chija tinachifufuza kuti tidziwe mmene matendawa angamvere chithandizo. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Si mboni ya kukhoti. Ukudziwa kuti pa benchi paja wakhala ndi anthu amene kanyama kawo kalibe chizindikiro chimenechi? Ena a iwo ndikamawauza zotsatira ndimasowa poyambira. Koma sajomba. Amabwera akukwawa, akugwira kamwayi kakang'ono ndi manja awiri. Bambo ako anali ndi mwayi waukulu, ndipo mwauseweretsa. Khansa sidziwa kuti kunyumba kwanu kuli mkangano. Tsiku lililonse limene munajomba, iyo imagwira ntchito."

Misozi inayamba kugwera pa siketi ya Naphuma.

"Kuwerenga usasiye," anapitiriza adokotala, mawu atatsika pang'ono. "Ndimafuna ana owerenga. Koma chidziwitso cha theka chili ngati kuphunzira kuponda mafuta usanadziwe pamene pali buleki. Ukafunse bambo ako zimene zimachitika. Chitseko ichi chinali chotsegula. Safunsa anadya phula, koma iwe phulalo wadyetsa ena."

"Ndiye achira?" anafunsa Naphuma.

"Funso limeneli lero sindingaliyankhe ngati mmene ndinayankhira poyamba. Agona kuno. Mawa tiwajambula mkati mwa khosi kuti tione pamene chotupa chafika, ndipo tiumba chigoba china. Akapanda kuyamba kudya, tiwalowetsa kapaipi ka chakudya m'mphuno. Munthu amene amatha kuwadyetsa ukumudziwa. Unamuchotsa ndi pakamwa pako, ukamutenge ndi pakamwa pomwepo."

7. Kwa mayi aakulu

Mayi aakulu a Naphuma ankakhala kuseri kwa malo ogulitsira mafuta a galimoto, m'nyumba ya geti lachitsulo. Anamutsegulira okha, manja ali m'chiuno.

"Akutuma? Ukawauze kuti m'bale wanga si wantchito wawo. Amuna onse ndi amodzi. Akakhala ndi mphamvu ndi a dziko lonse, akadwala ndiye akumbuke kuti ali ndi mkazi. Ine ndinamuuza kalekale kuti mwamuna wokhala m'galimoto ndi akazi a eni tsiku lonse ndi wofunika kumuyang'ana ndi maso awiri."

"Sananditume. Ndikufuna amayi."

Mayi ake anali pakhonde la kuseri, akusokerera mabatani pamanja. Maso anali otupa. Naphuma anaima patsogolo pawo. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anayamba nkhani pachiyambi n'kuifikitsa kumapeto. Ananena za uthenga umene sanafikitse, za mizere iwiri, za chigoba chokhwefuka, ndi zonse zimene adokotala ananena.

Mayi ake anabaya singano pa nsalu n'kuimirira.

"Bwereza. Adokotala anandiitana ine?"

"Eya, amayi. Tsiku loyamba lomwe lija."

"Ndipo iwe unakhala chete? Ndinakutuma kuti ukandimverere zonse! Ndinakukhulupirira chifukwa ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndatukwana mwamuna wanga ali wosatha kuyankha! Anandimenyera tebulo kuti ndiime, ine osaima. Munthu wosameza ndi madzi omwe ndamusiya m'manja mwa mwana wosadziwa kusefa msuzi. Nanenso ndine chitsiru, ndinayenera kupita ndekha kukafunsa. Koma iwe, iwe Naphuma!"

Dzanja lawo linakwera m'mwamba, n'kuima, n'kutsika lokha. Naphuma akanakonda likanamumenya.

Mayi aakulu anakhosomola. "Komatu zimenezi sizikutanthauza kuti alamu ndi oyera."

"Sizikutanthauzanso kuti ndi akuda," anayankha mayi a Naphuma. "Achemwali, nkhaniyi mwauza ndani?"

Mayi aakulu anayamba kukonzakonza nsalu ya pa tebulo imene inali yokonzeka kale. "Abale okhaokha. Ndi mayi wa pa geti lachiwirilo. Ndi uja amagwira ntchito ku sukulu ya galimoto, poti anandifunsa."

Mayi a Naphuma anatseka maso. Atawatsegula anayang'ana mwana wawo.

"Wamva? Mawu ako afika kale kuntchito kwa bambo ako. Chigoba aumba china. Nanga dzina la munthu aumba ndani? Madzi akatayika sawoleka, mwana iwe. Tenga chikwama icho. Tidzere kogula mafupa."

8. Pha! Pha!

M'mawa mwake mayi a Naphuma analowa m'chipinda cha odwala ndi fulasiki ndi kasupuni ka tiyi. Naphuma anaima pakhomo. A Klatchi atawaona akazi awo anatembenukira kukhoma.

Mayiwo anakhala m'mphepete mwa bedi. Analankhula motsitsa kwa nthawi yaitali, ndipo zimene ananena Naphuma sanazimve. Kenako anathira msuzi m'kapu, n'kuuyesa pa dzanja.

"Iyi ndi ya ine, chitsiru chanu. Mezani."

A Klatchi anatembenuka, n'kutsegula pakamwa. Anameza supuni yoyamba, yachiwiri, mpaka kapu inafika theka. Mayiwo anatchula ophunzira, anatchula a Sisitala, anatchula ngakhale mayi wa malalanje uja. Supuni ya mwana wawo sinatchulidwe.

Nthawi yojambula itakwana, anawakankha pa njinga ya odwala mpaka pakhomo la chipinda cha makina. A Klatchi anavula chipewa, n'kupisa m'thumba, n'kutulutsa makiyi. Naphuma anatambasula dzanja monga mwa masiku onse.

"Ababa, pepani. Ndinalakwa."

A Klatchi anayang'ana dzanjalo. Kenako anadutsitsa makiyi pamwamba pake n'kuwaika m'manja mwa akazi awo. Dzanja la Naphuma linatsala m'malere mpaka anachita kulibweza yekha.

Anadikira pa benchi mpaka dzuwa linapendeka. Mayi ake anakhala kumapeto kwina, makiyi ali pamiyendo. Bambo wina wokalamba wa chigamba pakhosi, amene sanajombepo chiyambire, anamusunthira Naphuma malo n'kumumwetulira. Naphuma analephera kumuyang'ana kumaso.

Kenako a Sisitala anasuzumira pakhomo la adokotala.

"A Klatchi ndi akazi anu, lowani. Zithunzi zatuluka."

Mayi ake anakankha njinga ija. Naphuma anadumpha n'kuwatsatira, poti kuyambira tsiku loyamba makutu a banja lonse anali iye. Atafika pakhomo, bambo ake anakweza dzanja lawo lowonda n'kumenya chitseko kawiri.

Pha! Pha!

Naphuma anaima pomwepo. Chitseko chinatsekedwa.

Pa chitsekocho panali kagalasi kakang'ono. Anaona adokotala akuloza ndi cholembera pa chithunzi cha khosi la bambo ake. Anaona mayi ake akugwira pakamwa ndi manja onse awiri. Kaya kunali kuthokoza, kaya kunali kulira, pa galasi sizinkaoneka.

Foni inali m'thumba la siketi, koma Naphuma sanaikhudze. Mafunso tsopano anali nawo ambiri, ndipo onse amene akanamuyankha anali mkati.